Mutu wa Tamanda, Dzina la Rozi

Inali 2 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo, kunyanja kopanda ndi kamphepo komwe, pamene Veronica anatsika minibasi pa Kachulu. Sanapite kunyumba. Analunjika pathandala pomwe mchimwene wake Jafeti ankayanika matemba, mwana wa Jafetiyo, Rozi, akulongedza ouma m'dengu.

Aka kanali kachitatu Veronica kubwerako chimanjamanja kuchipatala cha m'tauni. Mwana wake Tamanda ankadwala khunyu, ndipo mankhwala ankamugonetsa m'kalasi. Adokotala anati sangawachepetse asanaone pepala lakale la makina oyeza ubongo, la pamene mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Koma m'chipinda chosungira mafayilo munalibe dzina la Tamanda.

"Achimwene, tsiku lija ndili chigonere ndi malungo, inu n'kupita naye mwana wanga kokayeza mutu, munalembetsa dzina lanji?"

"Moni kaye, achemwali," anatero Jafeti osadzutsa nkhope.

"Moni ndamusiya m'minibasi! Kalaliki wafukula mafayilo a chaka chonsecho mpaka kutsokomola ndi fumbi. Tsiku lomwelo, mudzi wathu womwewu, koma dzina ndi la Rozi. Rozi wanuyu!"

Jafeti anapukuta manja pakabudula.

"Buku lakuchipatala la Tamanda linali litanyowa ndi mvula, masamba atamatana. Ndinangotenga la Rozi. Nanga mutu anayezawo si wa Tamanda yemweyo?"

"Ndiye mawa tipite mukanene zimenezo. Akuti sapereka pepala popanda mwini dzina ndi buku lake."

"Mawa? Chinkhoswe cha Rozi chili Loweruka lino. Akuchimuna akangomva kuti dzina lake lili papepala la khunyu, basi ukwati watha. Mukuwadziwa anthu apano. Dikirani zipite kaye."

Veronica anakweza mawu. Amayi ogula nsomba anasiya kunenerera mitengo.

"Maulendo atatu mwandionerera ndikukwera minibasi, inu pakamwa tseke! Ndiye wanga azigona padesiki, mayeso ali pakhomo, kuti wanu akwatiwe mwaulemu? Si inu mumakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe? Kapena mwambiwo umagwira pomutuma pokha?"

"Tsitsani mawu, anthu akumva."

"Amve! Manyazi ake ati? Tamanda anaba khunyulo?"

Rozi anaika dengu pansi.

"Ababa, bukulo lili m'sutikesi ya amayi, ndimaliona. Mawa ndipita ndi azakhali."

"Iwe, nkhani za akuluakulu..."

"Dzina ndi langa, ababa. Ngati mwamunayo angathawe pepala, athawe sabata ino, ndisanamuberekere ana."

Jafeti anatembenuka. Anayang'ana amayi ogula nsomba aja. Nkhani inali itapita kale.

Veronica sanamuthokoze Rozi, poopa kuti misozi ingamuchititse manyazi pagulu.

"Minibasi yoyamba. Usachedwe," anatero.

Anamanga chitenje molimba n'kulowera kudambo, komwe mbalame zinali zikudya mpunga wake kuyambira m'mawa.