Masipuling'i a ku Chiringa

Njinga yamoto inali itakhazikidwa pa mtondo, tayala la m'mbuyo lili m'malere, pamene Brown anatulukira kuseri kwa nkhokwe akutafuna nzimbe.

"Alamu, mwayamba kusinja njinga? Ufa wake mutigawireko."

Sylvester anali atagwada m'fumbi, sipanala ili m'manja, akulimbana ndi bawuti ya shoku yomwe inali itagwirana ndi dzimbiri. Brown anali mchimwene wake wa Fainess, mkazi wa Sylvester, ndipo chibwerere Sylvester kudzakhala chikamwini kwa Mkhumba, pakamwa pa mlamu wakeyo panali pasanamupatseko tchuthi.

Nkhani inali ya apongozi. Mayi Alesi ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uliwonse ankayenera kupita kuchipatala kukayezedwa ndi kukalandira mankhwala. Wowanyamula anali Sylvester. Koma ulendo womaliza mayiwo anatsika panjinga atagwira msana, n'kulowa m'nyumba. Mawu anabwera madzulo kudzera kwa Fainess, poti mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso. Akuti njingayo sadzakweranso, bola matendawo awaphere pamphasa. Tsiku lawo la kuchipatala linadutsa. Mankhwala anali akutha, ndipo mutu unali utayamba kuwawawa m'mawa uliwonse.

Chomwe chinkamuzunguza mutu Sylvester n'chakuti njingayo inkanyamula matumba a nandolo mpaka kumsika osadandaula. Inkanyamula amayi a geni ndi madengu awo, aphunzitsi a mimba zawo, zonsezo zii. Koma akangokwera apongozi, munthu wowonda woti mphepo ya chiperoni ikhoza kumunyamula, njinga inkagunda pa bampu iliyonse, gu! gu! tayala n'kumakhula madigadi. Ankaganiza zimenezi akudya, ankaganiza ali m'tchalitchi, yankho osalipeza.

"Njinga yanuyo imaopa apongozi kuposa eni ake," anatero Brown, akukhala pa njerwa. "Ikawaona imagwada."

"Masipuling'i atopa basi," anatero Sylvester. Anatambasula thumba n'kutulutsa awiri ofiira, onenepa ngati chala chachikulu. "Awa ndawapeza ku Chiringa. Achotsedwa pa njinga yaikulu ya ku Mozambiki. Awa ngakhale ng'ombe ikwere."

"Ndiye mayi athu mukuwayerekeza ndi ng'ombe?"

"Alamu, gwirani apa. Pakamwa pokha sipamasula bawuti."

Kuchotsa mashoku sikunavute kwenikweni. Ntchito inali kufinya sipuling'i kuti kachitsulo kotsekera pamwamba kachoke. Amakaniko a ku boma ali ndi chida chake, koma Sylvester anali ndi waya ndi msomali wautali. Anamanga waya mbali ino ndi mbali inayo, n'kumapotokola ndi msomali pang'onopang'ono mpaka sipuling'i yakale inafupika, kachitsulo kaja n'kugwera m'manja mwake. Anaiyang'ana sipuling'iyo, anaitembenuza, anaipanikiza pansi ndi phazi. Sinkaoneka yotopa monga ankaganizira, ndipo zimenezi zinamusowetsa mtendere pang'ono.

Yatsopanoyo inali ina. Anapotokola mpaka thukuta kudontha pamphuno, iyo ikungosuntha ngati ikuchita manyazi. Anawonjezera mphamvu. Waya anaduka, twa! Sipuling'i inadutsa pafupi ndi khutu la Brown n'kukagunda ndowa ya pakhonde, madzi n'kutayika, nkhuku n'kubalalika ndi phokoso.

Fainess anatuluka m'khitchini mwana ali kumsana.

"Bambo a Ufulu, kodi mukufuna kuchiritsa amayi kapena kupha achimwene?"

"Musawakalipire," anatero Brown, akugwiragwira khutu kuti aone ngati lilipo. "Akufuna achepetse eni mudzi, atsale okha."

Anabwereza ndi waya wopinda pawiri, wina akupotokola uku wina uko, nkhope atatembenuzira kumbali. Dzuwa likupendeka, mashoku onse anali atabwerera m'malo mwake, ofiira psuu. Njinga itatsika pa mtondo inaima itatukula kumbuyo ngati tambala. Sylvester anamangirira thumba la nandolo n'kukadutsa pa ngalande ya kumjigo, pomwe njinga inkagunda nthawi zonse apongozi akakwera. Zii. Anabwerera akumwetulira yekha.

"Kawauze amayi kuti njinga yachira," anauza mkazi wake. "Angoyesako mpaka pamjigo pokha."

Fainess anakhalitsa m'nyumba mwa mayi ake. Potsiriza Mayi Alesi anatuluka, atadzimanga chitenje molimba, nkhope ili pansi. Sylvester anachita zomwe ankachita masiku onse: anakwera, anagwira mahandulo, maso n'kulunjika ku phiri la Michesi, osacheuka ngakhale pang'ono, mpaka anamva Fainess akuti, "Akwera, tiyeni."

Anayenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Koma atafika pa ngalande ija, masipuling'i atsopano sanafinyike n'komwe. Anakankha m'mwamba.

"Mayo ine!"

Sylvester anaponda mabuleki n'kucheuka, chinthu chomwe anali asanachitepo chikwatirire. Apongozi anali atapendekera kumbali, phazi limodzi litachoka pa chopondera, zala zitakanirira chitsulo. Sanali pa chishalo ayi. Anali atakhala kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, pa zitsulo zopanda kanthu, pamwamba pa nyali ya m'mbuyo. Pakati pa iye ndi iwo panali chishalo chonse chofewa, mpata woti mbuzi n'kugonapo. Ngakhale pomwe ankagwapo, dzanja lawo silinapite ku malaya a mkamwini.

Mayi Alesi anatsika mwakachetechete n'kubwerera wapansi. Sylvester anamva chisoni chachikulu. Maulendo onse aja, makilomita onse aja a msewu wa miyala, mayi wodwala ankakhala pa zitsulo chifukwa chomulemekeza iye, ndipo iye sankadziwa chifukwa chowalemekeza iwo.

Komabe chidwi sichinamuthere. Atafika pakhomo anaitana Brown.

"Alamu, takhalani apa, pafupi." Brown anakhala pa chishalo, njinga inangotsika pang'ono. "Tsopano sendererani kumbuyo. Pitirirani. Mpaka kumapeto." Brown atafika pa kaliyala, kumbuyo kunatsika kwambiri, tayala la kutsogolo n'kupepuka ngati likufuna kunyamuka.

"Mwaona? Nandolo ndimamanga pafupi ndi msana wanga. Amayi amakhala kunja kwa tayala. Nanga si ndowa imalemera kwambiri ukainyamula utatambasula mkono?"

"Ndiye mwavutikiranji ndi mawaya, mpaka kufuna kundidula khutu?" anatero Brown. "Auzeni asendere pafupi, akugwireni m'chiuno."

"Achimwene, mukunena amayi ake a ndani?" anatero Fainess. "Amenewa agwire m'chiuno mwa mkamwini, anthu akuona pamsewu? Angalole kufa."

Zimenezi zinali zoona. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Brown sakanatha kuwanyamula mayi akewo panjinga, chifukwa diso lake limodzi linali la ng'ala ndipo ngakhale njinga yakapalasa ankaiopa.

"Ndiphunzitseni ine," anatero Fainess.

Sikanali koyamba kupempha. Nthawi zonse Sylvester ankaseka n'kusintha nkhani. Pamudzi pano munda unali wa mkazi, malo a nyumba anali a apongozi, ngakhale za Ufulu, mwana wake yemwe, mawu omaliza anali a Brown, malume a mwanayo. Chake chenicheni chinali njinga yokhayi. Ankawadziwanso anzake a pa siteji ya kabaza. Akadzangomuona Fainess akudutsa pa mahandulo, nyimbo idzakhala yoti mkamwini walandidwa ndi makiyi omwe.

Anayang'ana kunyumba ya apongozi. Chitseko chinali chotseka dzuwa lisanalowe, ndipo ankadziwa kuti agona chifukwa cha mutu.

"Bweretsani mtondo uja," anatero.

"Mukusinjanso?" anafunsa Brown.

"Ndikubwezera akale. Ofiirawa ndi a nandolo. Anthu awiri owonda angawaponye m'munda mwa eni."

Masiku otsatira, ana akaweruka, bwalo la mpira la kusukulu linkadzaza anthu odzaonerera. Fainess anazimitsa injini kosawerengeka, anagwera m'mizere ya mbatata, anatsala pang'ono kugunda golo. Sylvester ankathamanga pambali akukuwa za kilatchi mpaka mawu kusasa. Anzake a pa siteji anabweradi, ndipo ananena zonse zomwe ankayembekezera, n'kuwonjezerapo zina. Zinamuwawa, koma makiyi sanawatenge.

M'mawa wa tsiku la ulendo, Fainess anavala buluku la mwamuna wake mkati mwa chitenje, n'kumusiyira mwana. Mayi Alesi anatuluka ndi kabuku kawo ka kuchipatala. Anaima, anayang'ana kaliyala, anayang'ana msana wa mwana wawo. Kenaka anakwera pa chishalo, anasendera mpaka kukhudzana naye, n'kumukumbatira m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Fainess," anatero mokweza, maso ali kumbali, "uwauze abambo a Ufulu kuti sindinkadziwa kuti njinga yawoyi ili ndi pofewa."

Fainess sanafunike kubwereza. Njinga inanyamuka mogwedezeka pang'ono, kenaka inawongoka. Sylvester anaima pabwalo mwana ali m'manja, m'thumba mopanda makiyi, khutu atatchera ku ngalande ya kumjigo. Anamva injini ikutsika mawu, ikudutsa, ikukweranso. Kugunda kuja sikunamveke.