Ndege Siona Masamba

Adzukulu anali atangotulutsa bokosi la a Filipo m'nyumba ndi kulikhazika pansi pa mtengo wa mango pamene phokoso linamveka kuseri kwa phiri. Amayi a Chigwirizano anakweza nyimbo kuti alikwirire, koma silinakwiririke. A Moffat, mkulu wa mpingo amene anakhala pafupi ndi abusa, analidziwa phokosolo. Anangoyang'ana nsapato zawo.

Kandege koyera kanatulukira pamwamba pa madenga, kotsika ndithu. Kenaka kanachita chimene a Moffat ankaopa kuyambira m'mawa. Kanapendeketsa phiko uku, n'kupendeketsanso uku, ngati mtsikana woonetsa chitenje chatsopano. Kanazungulira, n'kubweranso kudzachita zomwezo. Abusa anatseka Baibulo kudikira kuti kapite.

"Si mwana wa a Moffat uja ameneyu?" inatero nkhalamba ina kumbuyo, mosanong'ona n'komwe.

"Ndi yemweyo. Akuvinira maliro."

Maso onse anagwera pa a Moffat. Iwo anapukusa mutu nati, "Ana a masiku ano, abale." Mawuwo atangotuluka, m'kamwa mwawo munawawa, chifukwa wolakwa ankamudziwa bwino.

Kuseri kwa phirilo, kupitirira Msakambewa pang'ono, kunali kabwalo ka ndege ka kapinga komwe bungwe lina linkaphunzitsirako achinyamata kuulutsa ndege. Anthu anali atakazolowera. Amayi ankagulitsa zitumbuwa pachipata, abambo ankalembedwa ganyu yotchetcha. Koma mwana wa m'mudzi amene analowa m'kati mwa mpanda ngati wophunzira anali mmodzi yekha, Tamandani wa a Moffat. Bambo ake sankatopa nayo nkhaniyi. Munthu ukawapatsa moni pamsika, usanafunse za fodya anali atakuuza kale kuti mwana wawo dzulo anali m'mitambo.

Tamandani atawauza kuti Loweruka adzauluka yekha koyamba, popanda mphunzitsi pambali, ndi iwowo amene anachonderera.

"Udzadutse pamudzi pano, mama. Ndidzaitana anthu onse, tidzakhala pabwalo. Ukadzationa udzagwedeze mapiko, adziwe kuti ndiwe."

Lachinayi a Filipo, amene nyumba yawo inagundana bwalo ndi ya a Moffat, anamwalira. Ndi iwo amene ankamukweza Tamandani panjinga kupita naye kusukulu ali wamng'ono. Lachisanu mtsikanayo anaimba foni kuchokera komwe ophunzira amagona.

"Kumudzi kuli bwanji, ababa?"

A Moffat anachoka pa siwa, nakaima kuseri kwa nkhokwe kuti kulira kusamveke. "Kuli bwino, mama. Iwe ungolimba mtima za mawa."

Anadziuza kuti akumuteteza mwanayo, kuti akamva asiya zonse n'kubwera kudzatunga madzi pamaliro, mwayi wake n'kupita. Zinali zoona, koma osati zonse. Pansi pa mtima analinso ndi kachiyembekezo kochititsa manyazi, koti ndege idzadutsa m'mawa mwambo usanayambe, anthu a midzi yonse ali pompo, aione ndi maso awo.

Atabwerako kumanda, anthu anawapatsa moni a Moffat ndi nsonga za zala. Palibe anawanena. Amene ankanenedwa anali Tamandani. Kumene amayi ankatsuka mbale kunkamveka kuti sukulu yamuchotsa umunthu, kuti mayi ake akanakhala moyo sakanachita zotere. A Moffat anamva zonse ali pampando wawo.

Dzuwa litapendeka, njinga yamoto ya kabaza inatulukira pamsewu. Tamandani anali kumbuyo, malaya oyera akali achinyezi chifukwa anzake anamuthira madzi, monga amachitira ndi aliyense wouluka yekha koyamba. Ankaseka. Kenaka njinga inachepetsa liwiro. Pamsewu panali masamba, nthambi zoyalidwa mopingasa, zimene aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo lake: pano pali zovuta, wa galimoto ayende pang'onopang'ono, wa njinga atsike, wa chipewa avule.

Tamandani anatsika. Anayang'ana masambawo, nayang'ana khamu la anthu pabwalo, nayang'ananso masamba. Anayenda molunjika kwa bambo ake, nagwada.

"Ndi ndani, ababa?"

"A Filipo."

"Liti?"

"Lachinayi."

Mtsikanayo anatseka pakamwa ndi dzanja. Polankhulanso, mawu ake anali otsika, koma amene anali pafupi anamva.

"Ine ndinaona anthu adzaza bwalo, amayi atavala zoyera. Ndinati ababa achitadi zimene analonjeza. Ndinabwereza dala kuti aliyense andione. Kumwamba masamba saoneka, ababa. Dzulo ndinakufunsani."

A Moffat anafuna nthaka itatseguka. Anali atalalikirapo za chinyengo kangapo, ndipo ankalalikira bwino. Anadzuka pampando, namugwira dzanja mwana wawo mpaka pakhomo la siwa, momwe a Faines, mkazi wa malemu, anakhala pamphasa pakati pa amayi. Mkulu wa mpingo anagwada pafumbi, osasamala za buluku la suti.

"Mayi, mwanayu musamunene. Sanadziwe. Anaimba foni dzulo, ine ndinamuuza kuti kuno kuli bwino. Zogwedeza mapikozo ndinamutuma ndine. Ndipo m'mawa muja, anthu akumunena, ndinanena nawo."

A Faines anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso otupa.

"Anzanu aja, a Moffat, masiku onse ali gone ankafunsa kuti mwana auluka liti. Mukanabwera kudzandinong'oneza, mwina ndikanati adutse, awatsanzike. Koma inu munasankha nokha, ngati maliro ndi anu, mwananso ndi chikwangwani chanu." Anatembenukira kwa Tamandani. "Iwe lowa. Wina amupatse chitenje, wanyowa. Bwera ulire pano, amalume ako sunawalire."

Tamandani analowa osacheuka. A Moffat anatsala chogwada pakhomo mpaka mayi wina anawauza mwaulemu kuti apatuke, akufuna kudutsa ndi ndowa.

Lolemba m'mawa anatenga chikwanje, nadula nthambi za mango pamtengo womwe uja, nazimanga panjinga. Anakwera chitunda chonse akukankha. Pachipata cha bwalo la ndege amayi a zitumbuwa anasiya kucheza powaona akuyala nthambizo pansi, imodzi imodzi. Mphunzitsi wa Tamandani, a Caleb, anatuluka mu ofesi akupukuta manja.

"Bambo Moffat, kwagwanji? Mwana wanu anauluka bwino kwambiri, mwamva?"

"Ndinaona, aphunzitsi. Mudzi wonse unaona." Anavula chipewa. "Kwathu kuli zovuta, anthu sanabalalike. Ndimati masambawa akhale pano. Kukagwanso maliro mbali yathu, ine ndizibwera kudzayala, kuti ana anu asanakwere azidziwa."

A Caleb anamvetsera nkhani yonse, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Anayang'ana nthambi zija, kenaka analoza kumpoto, kumapiri a Ntchisi, komwe kunalibe denga ndi limodzi lomwe.

"Masambawo asiyeni, tiziwalemekeza. Koma bambo, mukanangondiimbira Lachisanu. Tamandani akanauluka tsiku lomwelo, nthawi yomweyo. Tikanangomuuza kuti akhotere uko."

A Moffat anayang'ana kumene chala chinaloza. Anatembenuza njinga yawo, ndipo ngakhale njira yonse inali yotsetsereka, anafika kumudzi akuikankha.