Wani wa Wandevu

Bolodi yachiwiri yolumikizapo mawaya a magetsi itapsa, Nafyuzi sanafunenso kuuzidwa: m'labu muja munali munthu womuchitira kaduka. Dzina loti Nafyuzilo anam'patsa ndi bambo ake, amisiri a magetsi, poti anayamba kusintha mafyuzi mano a mkaka asanaguluke. Ndiye munthu wotero achoke kwawo kutali, kudzaphunzira uinjiniya wa magetsi m'dziko la eni, n'kumawotcha zipangizo ngati mbuli? Ayi ndithu, panali kanthu.

"Ikapsa inanso, phunziroli mwalephera," anatero mkulu wa labu. Kulephera kunatanthauza kulandidwa chilolezo chokhalira m'dzikomo, n'kubwerera kwa bambo ake chimanjamanja.

Ankakayikira Wandevu, mbadwa ya komweko, wophunzira mnzake amene anaikidwa naye pabenchi imodzi. Ntchito anagawana: Wandevu ankawerengera n'kulemba manambala papepala, Nafyuzi n'kumalumikiza mawaya ndi kutchera makina opereka mphamvu. Munthuyo anali wosayankhulayankhula. Utsi ukatuluka ankangokanda ndevu n'kumwetulira, ndipo kumwetulirako kunkamuwawa Nafyuzi mpaka m'mafupa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nafyuzi anabisa pepala la Wandevu m'thumba, n'kukawerengera yekha kuchipinda kwake, kawiri konse. Yankho linali wani, mphamvu ya ampeya imodzi. Papepalapo panali seveni wooneka bwinobwino, ndipo seveniyo ndi amene iye ankatchera pamakina. Basitu, mfiti yagwidwa masanasana.

M'mawa mwake anamenyetsa pepalalo patebulo la mkulu wa labu, kalasi yonse ikuona.

"Bwana, munthu uyu akundilembera manambala abodza. Akufuna ndithamangitsidwe."

Mkuluyo anayang'ana pepalalo, kenako n'kupatsa Wandevu cholembera. "Talembani wani."

Wandevu analemba kamzere koima, kokhala ndi mchira wautali wotsetsereka kumanzere. Seveni weniweni, mmene ankamudziwira Nafyuzi chiyambire sukulu.

"Tsopano seveni."

Analemba chofanana nacho, n'kuchidula pakati ndi kamzere kopingasa.

"Kuno timalemba chonchi, mayi," anatero mkuluyo. "Wopanda lamba m'chiuno ndi wani."

Wina kumbuyo anaseka. Nafyuzi anagwidwa ndi manyazi oti nthaka ing'ambike alowe, komabe pansi pa mtima anapepukidwa: vuto lapezeka, bolodi sidzapsanso. Anatembenuka kuti apepese, koma mkuluyo anali asanamalize.

"Lamulo lathu ndi lakuti munthu akawotcha mabolodi awiri, wapita. Yachiwiri ija mnzanuyu anabwera kudzandiuza kuti anawotcha ndi iyeyo, ndipo ndinamuchotsera mamalikisi. Pakanapanda iyeyu, mukanakhala mukulongedza katundu pano."

"Achimwene," anayamba Nafyuzi, "ine sindimadziwa kuti..."

Wandevu sanamuyang'ane. Anatseka cholembera chija, n'kuchibweza kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Bwana," anatero motsitsa mawu, "ngati pali benchi ina, ndikupempha mundisamutse."