Tchanelo ya Malemu Emmett

Moto unabuka masana, mphepo ya kumwera ikuwomba ngati yatumidwa. Pofika madzulo busa la banja la a Kasselman linali phulusa lokhalokha, ndipo ana a ng'ombe ambiri anali atafera pa waya waminga pamene anapanikizika pothawa.

Famu ya a Vernon Kasselman ndi akazi awo a Darlene ili pamalire penipeni. Nyumba ndi khola zili m'boma la Tolley, koma busa linalowera m'boma la Renner. Kuno ku Kansas udzu ukauma, moto sufunsa malire. A Vernon ndi mkulu wa ozimitsa moto a ku Tolley, alimi ongodzipereka amene amasiya thirakitala m'munda akamva kuti kwinakwake kwayaka. Tsiku limenelo anzawo a ku Renner anabwera ndi magalimoto a madzi kudzathandiza, koma pamene panali moto sanafikepo.

M'mawa mwake kunabwera a Lorna Pruitt, oyandikana nawo nyumba, atanyamula chitumbuwa cha maapozi. Mayi ameneyu ndi amene amalandira mafoni a ngozi ku Tolley ndi kutumiza othandiza. Anapeza a Vernon ali khale pakhonde, khofi atazizira m'kapu.

"Anthu a ku Renner aja ndi ogona," anatero a Vernon asanalonjere n'komwe mlendo. "Ndinanena momveka bwino kuti auzeni abwere pa Emmett. Kodi ankafuna ndiwajambulire chithunzi?"

Emmett anali bambo awo a Vernon. Ndiwo anayambitsa gulu la ozimitsa moto ku Tolley, ndipo ndiwo anaimika mlongoti woyamba wa wailesi zolankhulirana. Atamwalira, anzawo anatcha tchanelo yolankhuliranapo pa moto dzina lawo. Pa wailesi iliyonse ya ku Tolley, ukapotoza kabatani, pamatuluka dzina lakuti Emmett.

"Ndinawauza mawu anu omwewo," anayankha a Lorna, akukhala pansi. "Ndinaimbira foni mnzanga wa ku Renner, iye n'kuuza anthu ake. Anayang'ana pa wailesi zawo, Emmett palibe. Ndiye mkulu wawo, a Orval Diehl, anakumbukira kuti bambo anu anali ndi nyumba kutsidya kwa mtsinje. Onse anathamangira kumeneko."

"Kubwinja kuja?" anafunsa a Darlene. "Kumene kunangotsala chitsime?"

"Komweko. Ankayesa mwawaika pamenepo kuti atchinge moto ukawoloka. Anaima ndi matanki odzaza, akukuitanani pa wailesi, inu osamva. Chowawa n'chakuti tchanelo yanuyo nawonso ali nayo. Kwawo amaitcha Mlatho."

A Vernon anatembenukira kubusa lopsa lija.

A Lorna anafotokoza pang'onopang'ono. Anati vutoli silinali la Tolley ndi Renner okha. Gulu lililonse linkagula wailesi zake, kutcha matchanelo maina ake, ndi kupanga chinenero chake cha manambala. Nambala imene kwa apolisi ena imatanthauza ngozi ya pamsewu, kwa ena inkatanthauza chinthu china. N'chifukwa chake akuluakulu a chigawo chonse anali kusonkhanitsa ozimitsa moto, apolisi ndi a ambulansi ochokera m'maboma onse kuti agwirizane dongosolo limodzi.

"Mitu yake si yovuta," anatero. "Tchanelo yothandizirana ikhale ndi dzina limodzi pa wailesi zonse. Magulu osiyana akakumana pa ngozi, manambala asiyidwe, munthu anene chimene akuona. Aliyense adziwiretu amene adzatsogolere. Ndipo tiziyeserera limodzi moto usanabwere."

"Ndiye dzina la bambo anga lifufutidwe?"

"Pa wailesi, inde. Tchanelo imeneyo izitchedwa Moto Wachiwiri kulikonse."

"Moto Wachiwiri," a Vernon anabwereza ngati alawa chinthu chowawa. "Anthu a mumzinda amene sanagwirepo paipi ya madzi atiphunzitse ife kulankhula? Ine msonkhano wawowo sindipita."

A Lorna sanakakamize. Anasiya chitumbuwa patebulo n'kutsanzika.

Masiku otsatira banjali linali pa ntchito yokonza mpanda. Tsiku lina ali kukoka waya, a Darlene anaima n'kupukuta thukuta.

"Vernon, kodi apongozi anga mlongoti uja anauimikiranji?"

"Kuti anthu azimvana, nanga n'chiyaninso."

"Anthu ake ati? A ku Tolley okha?"

A Vernon anapitiriza kukhoma msomali.

"Ine ndinawadziwa bambo anu," anapitiriza a Darlene. "Akanamva kuti dzina lawo latumiza madzi kubwinja ng'ombe zikupsa, akanakuthamangitsani ndi chipewa chawo chija. Ng'ombe zatsalazi ndiye moyo wathu. Udzu umeranso, udzaumanso, ndipo mphepo simaphonya chaka. Zikadzapsa zimenezi, famu ino tidzaisiya."

Ku msonkhano anapita onse awiri. Unachitikira mu holo ya sukulu, ndipo munali mayunifolomu a mitundumitundu. Munthu woyamba kuwaona anali a Orval Diehl, bambo wamtali wa ndevu zoyera.

"Achimwene," anatero a Orval, "bambo anu ndinawadikira pachitsime paja mpaka miyendo kuwawa. Sanatulukire."

"Mukanayang'ana kumwamba, utsi unali kukukodolani," anayankha a Vernon. "Kapena ku Renner maso mumasiya kunyumba?"

Anaseka onse awiri, kenaka a Orval anagwira phewa la mnzawo. "Pepani ndi ana a ng'ombe aja. Zinandisowetsa tulo."

Mayi wina wotumidwa ndi chigawo anapempha kuti aliyense aike wailesi yake patebulo ndi kuitsegula pa tchanelo yothandizirana. Anthu anazungulira tebulo akuwerenga maina. Panali Emmett, panali Mlatho, ya apolisi inangolembedwa nambala, ya ambulansi inali ndi dzina la chipatala. Mayiyo analankhula mu wailesi imodzi, ndipo mawu ake anamveka m'zonse nthawi imodzi.

"Chitseko n'chimodzi," anatero a Vernon motsitsa mawu, "koma aliyense anachilemba dzina lake."

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Si zonse zinali zophweka. Panapezeka zigwa zimene wailesi sizimveka, ndipo anagwirizana kuti zilembedwe m'dongosolo kuti milongoti yatsopano idzayambire kumeneko. A Vernon ndi amene anatchula chigwa cha kumunsi kwa famu yawo. Mwezi usanathe, amisiri anasintha maina pa wailesi zonse.

Kuyeserera koyamba kunali ndi zophophonya zake. A Vernon anaiwala n'kuyamba kutchula manambala akale.

"Achimwene, mukuwerenga ng'ombe kapena mukuitana madzi?" anafunsa a Orval pa wailesi, anthu onse akumva. "Lankhulani ngati munthu."

Anabwerezabwereza mpaka lilime linazolowera.

Chaka chotsatira, udzu utauma, moto unabukanso. Unayambira m'mbali mwa msewu waukulu, mphepo n'kuulozetsa kubusa la a Kasselman kumene kunali ng'ombe zonse. A Darlene anaona utsi ali kukhola, naimba foni ya ngozi.

"Nonse pitani pa Moto Wachiwiri," anamveka mawu a Lorna m'maboma onse awiri. "Wotsogolera ndi a Kasselman."

"Orval, muli pati?" anafunsa a Vernon.

"Ndikuwoloka mtsinje. Ndiuzeni kolowera, ndipo musanditumizenso kwa akufa."

"Lowani pa geti ya kumadzulo, pali thanki yomwera ng'ombe. Dulani moto usanafike pa mpanda. Apolisi, tsekani msewu, utsi watchinga. A ambulansi, dikirani pakhomo panga."

"Tamva," anayankha wapolisi. "Tamva," anayankha a ambulansi.

Pakati pa ntchito mphepo inatembenuka. Wapolisi amene anali pamtunda ndiye anayamba kuona. "Moto wakhotera kumpoto, ukubwera kumbuyo kwa galimoto ya ku Renner," anachenjeza. A Orval anamva okha ndi makutu awo, osadikira kuti uthenga uzungulire pa foni, ndipo anabweza galimoto nthawi yomweyo. A Darlene anatsegula geti ya kum'mawa, ng'ombe n'kutulukira m'munda wolimidwa kumene moto sukanapeza chodya.

Dzuwa lisanalowe moto unali utazima. Kanapsa kachigawo ka busa ndi mitengo ingapo ya mpanda. Ng'ombe zonse zinali moyo, ana omwe.

Anthu atasonkhana pabwalo kumwa madzi, a Orval anaima pafupi ndi galimoto ya ku Tolley. Pachitseko pake panali dzina lolembedwa ndi penti yofiira: Emmett. Amene analilemba anali a Darlene.

"Apa ndiye pamalo pake," anatero a Orval kwa a Vernon. "Lero ndawapeza bambo anu, ndipo afika pa moto nthawi yabwino."

Phunziro lake ndi ili: pa ngozi, kukhala ndi wailesi sikokwanira ngati othandiza sakumvana. Ozimitsa moto, apolisi ndi a ambulansi agwirizane maina amodzi, alankhule mawu omveka kwa aliyense, ndipo ayeserere limodzi kukadali bata. Dongosolo lotere likamakonzedwa kwanuko, pitani mukanene zimene mukudziwa za dera lanu. Moto ukayaka, nthawi yofunsana kuti "mukutanthauza chiyani" imakhala itatha.