Namfedwa wa pa Boti

Kunena zoona, a Overstone ankadziwa kusunga mkazi. Zaka zisanu ndi zinayi ali ku Mirrabooka, mumzinda wa Perth ku Australia, a Margreth ankadziwa njira zitatu basi: ya kutchalitchi, ya kusukulu ya mwana wawo Kunda, ndi ya kushopu yogulitsa ufa ndi usipa. Galimoto inali ya bambo, makiyi m'thumba mwa bambo. "Mkazi woyendayenda amatola zambiri," ankauza anzawo ku Welshpool, kuja ankanyamula katundu. Ndiye korona itafika, boma n'kutseka malire, iwo anangoti dziko lonse lawaonera nzeru.

Mu 2021 mayi awo a Margreth anamwalira ku Dowa. Chilolezo chotuluka chinapezeka movutikira, ndipo anapita okha. Nkhani inavuta pobwerera. Ndege inawatula ku Istanbul, mpando wa ku Perth n'kuwalanda, poti Australia inkalandira anthu owerengeka pa sabata.

A Overstone anaonda, inu. Mpunga unkangopserera, Kunda, mnyamata wandevu kale, n'kumadandaula m'Chingerezi chake cha m'mphuno. A Overstone anatha masabata atatu akulimbana ndi a ndege pafoni, mpaka mpando unapezeka wa Lachinayi. Kuuphonya umenewo, wina unali wa Khirisimasi itadutsa.

Lamlungu masana abusa a Jailos anasonkhanitsa mpingo pa Zoom kuti apepese maliro, monga timachitira, ndi kupempherera ulendowo. A Overstone ndiwo anayamba.

"Abale, mnzanga ali m'ndende. Chiyankhulo sadziwa, njira sadziwa. Munthu woti sitima ya m'tauni muno sanakwerepo yekha! Akungolira m'chipinda."

Amayi anapukusa mitu, ena atamanga kale maduku a maliro.

Kenako kabokosi ka a Margreth kanatseguka. Ha! Mphepo ili phuu, mbalame zikulira, injini ikuguguda. Namfedwa uja ali pa boti, chimanga chootcha m'manja.

"Zikomo nonse pondipepesa," anatero. "Mayi tinawaika bwino, ndipo kulira ndalira. Koma taonani kaye ichi."

Anatembenuza foni. M'mphepete mwa madzi munatambalala chinyumba choyera mbee, mazenera osawerengeka, zipata zake zotsegukira m'madzi mwenimwenimo.

"Imeneyo ndi Dolmabahçe, nyumba ya mafumu a Ottoman. Dzulo ndinalowamo. Muli nyali imodzi yaikulu ngati minibasi."

"Munalowamo ndi ndani?" anafunsa a Overstone.

"Ndekha, a bambo a Kunda. Ndimafunsa njira. Safunsa anadya phula."

Mayi Annastazia, a chigwirizano cha amayi, analephera kuugwira mtima. "Nanga akazi a mfumuyo ankakhala mbali iti, asisi?"

"Uko kumapetoko. Ankadya bwino, kuvala bwino, palibe chowasowa. Maboti ankangowaonera pazenera. Nditaima pazenera lawolo, asisi, ndinamva ngati ndafika kale ku Mirrabooka. N'chifukwa chake lero ndati ndiione nyumbayi ndili kunja."

Wina mumpingomo anatsokomola n'kuzimitsa kamera yake.

A Overstone manyazi anawagwira, koma mantha ndiwo anakula. Anayandikira foni, mawu atatsika, ngati kuti anthu makumi atatu aja achoka.

"Mayi a Kunda, ndege ija ndi Lachinayi m'mawa. Mufike msanga pabwalo."

"Mpando uja ndawauza a ndege aupereke kwa wina. Alipo ambiri kuno ofuna kwawo kuposa ine. Ndasamukira kwa mwana wa achimwene amene akuphunzira konkuno. Kunda akudziwa."

A Overstone anatembenuka. Kunda anali kalikiliki kupala mpunga m'poto, maso pansi.

"Ndiye mubwera liti?"

"Ndikuuzani. Kuli nyumba ina ya mafumu kutsogoloku, ya Topkapı. Imeneyo sindinaione."

Boti linaliza hutala, foni n'kuduka.

Abusa a Jailos anayang'ana pepala lawo. Pemphero lonse anali atalilembera mayi wotsekeredwa kutali, ndi mavesi omwe. Analipinda pang'onopang'ono, n'kukonza kukhosi.

"Abale, tiyeni titseke maso," anatero. "Timukumbukire mbale wathu Overstone, amene watsala."