Maso a Penti pa Zikope za Amayi

Mana Felizarda, mchemwali wanga wamkulu, sanandifunse za ulendo. Nditangotsika basi pa Ruda anandiyang'ana imvi, nsapato, kenako anati, "Mawa tikukatenga nkhope ya amayi. Wachizungu ndiwe, ukalankhula iweyo."

Ndinachoka kwathu kuno, m'chigwa cha Honde, ndili mphunzitsi watsitsi lakuda bii. Ndinakakalambira ku Mangalande, m'nyumba zosungira okalamba, ndikupukuta nkhope za amayi a eni ake. Anga anaikidwa ku Mandeya ine ndikumwetsa phala mayi wina amene ngakhale dzina lake ndinaiwala. Chithunzi chawo palibe. Ankakana kujambulidwa, ati ananditenga kale kamodzi, nkokwanira. Ndiye nkhope yawo inandithawa pang'onopang'ono, kuyambira pamphumi, mpaka ndinatsala ndi mawu okha.

Anawatenga motere. Ine ndili woberekedwa kumsana, mzungu woyang'anira esiteti ya tiyi, munthu wokonda kukumba mapale m'mapiri, anamanga kanyumba kosungiramo zinthu zakale. Anafuna chiboliboli cha mkazi wamakedzana. Amanyika, eni nthaka, anakana, ati nkhope sabwereketsa. Nanga ife obwera a ku Mozambiki, ogona m'komboni ya kampani, tikanakana tikanagona kuti? Kapitawo analoza amayi pamzere wa othyola tiyi. Anawagoneka patebulo, nkuwalowetsa timabango m'mphuno kuti azipuma, nkuwathira pulasitala kumaso mpaka kuuma.

Kuyambira tsikulo ankadandaula kuti kumaso kukuwazizira, ngakhale mu Okutobala. Mana, amene tsopano amavala zoyera za mpingo wa Apositoli, amati amayi amabwera kutulo opanda nkhope. Anali atakumbitsa kale dzenje pambali pa manda awo, loti tikakwiriremo chibolibolicho. Ine ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinali nditasankha kale ngodya ya chipinda changa poti chibolibolicho chiziima. Sindinawoloke nyanja kuti ndione amayi kamodzi nkuwakwiriranso.

Tinafika kuesiteti pangolo m'mawa, nkhungu isanachoke pamizere ya tiyi. Komboni yathu kulibe, anabzalapo mitengo ya makademiya. Kanyumbako kalipo, denga lake litagwa mbali imodzi. Anatitsegulira mlonda wapamalopo, Ebenezer, bambo wonenepa wolankhula Chinyanja cha bambo ake mosakaniza ndi Chishona. Ndinayamba kumuthira Chingerezi chimene ndinachikonza usiku wonse, chonena za mafupa a anthu akuda amene Azungu ayamba kubweza kwawo.

"Sekuru, musavutike," anandidula, akunditchula agogo m'Chishona. "Zakale zenizenizo zikupita ku Mutare, muno aikamo matumba a feteleza. Chidole chija sakuchifuna, ati si chakale. Mukachinyamula mwandithandiza. Ine kusesa kumbuyo kwake ndinaleka."

"Chifukwa?"

Anangoseka, nkutsalira pakhomo.

Munkanunkha mileme ndi chinyezi. M'mabokosi agalasi munali nkhwangwa zamwala, nsonga za mivi zodyeka ndi dzimbiri, mikanda ya zigoba za mazira a nthiwatiwa, mapale ochekerera mizere m'milomo. Zonse zinali zoyalidwa mwaulemu, ulemu umene sitinauonepo ife amoyo m'chigwa chino. Ndinkayenda pang'onopang'ono, ndikuwerenga kapepala kalikonse. Ndinkaopa kufika kumapeto.

Kumapetoko, kuseri kwa galasi losweka, mkazi anagwada pamphero atavala chikopa. Pansi analembapo kuti awa ndi anthu amene ankakhala m'chigwa chino zaka chikwi zapitazo. Amayi, amene anafa chitupa chawo chikuwatchula kuti mlendo, pano anali eni dziko kuyambira kalekale.

Mphini zitatu zapatsaya zinalipo. Mlomo wam'munsi wopindikira kumanzere unalipo, ngati akufuna kundikalipira. Koma maso sanali awo. Munthu akamathiridwa pulasitala amatsinzina, ndiye mzunguyo anangojambula maso ndi penti pamwamba pa zikope zotseka. Anali aakulu, oyera, osayang'ana mphero, osayang'ana ife.

"Waona?" anatero mana. "Zaka zonsezi sanaphethire. Iwe ungagone?"

"Mana, tamverani. Ichi ndi laimu chabe ndi waya. Amayi ali ku Mandeya. Ndilibe china chowakumbukira, mundisiyire."

"Ukhala nawo m'chipinda?"

"Inde."

"Chabwino, aphunzitsi. Zungulirani kumbuyoko muone mnzanu wogona naye."

Ndinalowera pomwe galasi linasweka. Kumsana kwa amayi, m'mbereko yachikopa, munali mwana. Tsaya atalitsamiritsa paphewa, khutu lakumanja lopindika nsonga. Dzanja langa linapita lokha pakhutu langa.

"Unalira mpaka kukomoka," anatero mana. "Pokuthira pulasitala, miyendo ndinakugwira ndine. Amayi anati tisadzakuuze."

Mutu wa amayi unali wakudabe, penti yake yosasuluka. Koma mutu wa mwanayo unachita chuku choyera, kuyambira m'mbali mwa makutu kukwera, pakati nkusiya dazi. Ndinayang'ana kudenga kufuna podontha. Pamenepo malata anali abwinobwino.

Mana anapitiriza, "Amayi ankati, musamunene Eliasi kuti sabwera. Abwera bwanji munthu amene sanachoke? Ali kumsana kwanga kuesiteti."

Ndinayesa kumugwedeza mwanayo kuti ndimuchotse. Ebenezer anayankhulira pakhomo pomwepo, osalowa. "Sizitheka, sekuru. Chitsulo chake ndi chimodzi, chinachokera mwa mai kulowa mwa mwana. Mukathyola mmodzi mwathyola onse."

Tsono dzenje la ku Mandeya linali la anthu awiri, ndipo mana ankadziwa.

Anatulutsa m'chikwama botolo la madzi opempherera ndi kansanza koyera. Anagwada, nkuyamba kupukuta maso a amayi, akuwauza motsitsa mawu kuti ndi Felizarda, musadzidzimuke. Pentiyo inali yofumbwa, inachoka ngati mwaye. Zikope zitatsala zoyera, ndinawaona. Anali amayi enieni, mmene ankagonera Lamlungu masana pamkeka, dengu la tiyi lili pakhomo. Mphumi inabwerera, zonse zinabwerera. Ndinadziwa pomwepo kuti munthu wogona chonchi saimikidwa pangodya kuti azionereredwa.

Mana anandipatsa kansanzako. "Wakoyo mtseke maso wekha."

Maso a mwanayo anali aang'ono, opakidwa mothamanga, limodzi lokwera kuposa linzake. Ndinapukuta lakumanzere. Nsanzayo inali m'dzanja langa, koma kuzizira kwake ndinakumva patsaya. Mbali yakumanzere ya chipinda, kumene kunali mivi ndi mikanda, inalowa nkhungu, ngati yapanja ija yapeza polowera. Ndinaphethira. Sinachoke.

"Maliza, Eliasi," anatero mana, mawu ake akumveka ngati ali kutsidya la mtsinje. "Ngolo ikudikira, ndipo dzenje siligona lotsegula."

Ndinanyowetsanso nsanza ija.