Kansagwada ka Buluzi

Ankasita malaya a mwamuna wake pamene foni inalira. Anali mlembi wa kuntchito kwa bamboyo.

"Mayi, thamangani. Amuna anu akupha achimwene anu."

Anazimitsa simbi n'kutuluka osakhoma n'chitseko chomwe. Njira yonse ankangoti, "Ambuye, gwirani dzanja lake."

Mwamuna wake ndi achimwene a mayiyo ankagwira ntchito m'chipinda chimodzi, kufufuza abuluzi amene anatha padziko kalekale, mafupa awo n'kusanduka mwala. Kawirikawiri chimene chimatsala ndi nsagwada basi. Abuluzi ena mano awo amamera pamwamba pa fupa, ena amamatirira m'mbali chamkati, ndipo pamenepo ndi pamene amadziwira kuti uyu ndi mbale wa uyu. Mwamuna wake, amene anzake ankamutcha Kasingano, anatha zaka akutokosa mwala ndi singano mpaka anatulutsamo kansagwada kochepa ngati chikhadabo. Kena kofanana nako kunalibe. Achimwene ankati mizu ya mano siingaoneke pokhapokha kadulidwe pakati. Kasingano ankayankha kuti, "Alamu, muyambe mwadula ineyo," onse n'kuseka. M'mawa wa tsikulo, Kasingano atapita kukagula guluu, achimwene anakadula.

Mayiyo atafika anapeza magalasi ali mbwee pansi, makina okulitsira zinthu atagwa cham'mbali. Mlembi anali pakhomo ndi thaulo lonyowa, akusowa polowera. Achimwene anali chafufumimba pafupi ndi tebulo, magazi akuyenderera pamphumi, Kasingano akuwaponda m'nthiti, nyundo yoswera miyala ili m'manja.

"Kanali kako, iwe? Unakatokosa ndiwe?"

"Alamu, tamverani, mano aja..."

Nsapato inawapeza pakamwa. Analavula dzino.

Chikwatiwireni, mayiyo anali asanamvepo mwamuna wake akunena achimwene kuti iwe. Anamugwira lamba chakumbuyo.

"Bambo, ndine. Tayani nyundoyo."

Chigongono chinamukankhira pakabati, mlomo n'kung'ambika. Kasingano sanacheuke n'komwe.

Ali khale pansipo, mayiyo anaona chinthu chachilendo. Achimwene sankaphimba mutu. Dzanja lamanja anali atalivundikira pasimenti ngati munthu wogwira chiwala, ndipo ngakhale nsapato iwagwere kangati, sankalisuntha. Kasingano nayenso analiona.

"Dzanja lake ndi limeneli eti? Ndi limene linagwira macheka?"

"Ayi alamu, apa ayi! Menyani pena!"

Nyundo inatsika. Kunamveka phwaa, kenako kulira kumene mayiyo sanafune kudzakumvanso. Mlembi anatseka maso.

Mayiyo anakwawa pamagalasi n'kunyamula dzanjalo pang'onopang'ono. Zala zinali zitaloza kumene zala sizilozako. Pansi pake panali fumbi lotuwa losakanikirana ndi magazi, ndi kadzino kamodzi kochepa ngati mchenga.

"Zinagwa kuchoka patebulo," achimwene ananong'ona. "Zidutswa za kansagwada, zonse ziwiri. Ndimaopa mungaziponde."

Nyundo inapulumuka m'manja n'kugubudukira kunsi kwa tebulo. Mlembi analowa mwakachetechete, anakulunga dzanja lophwanyikalo m'thaulo, ndipo ndi kansonga kamene kanatsala koyera anapukuta mlomo wa mayiyo, kenako anatuluka kukaitana galimoto.

Kasingano anagwada pamagalasi pomwepo. Anayang'ana fumbilo nthawi yaitali, kenako thaulo limene linkafiira, kenako pakamwa pa mkazi wake, ngati kuti wangomuona kumene. Anatambasula dzanja kuti amukhudze, koma linathera m'malere. Mayiyo sanasunthe. Anali atagoneka mutu wa achimwene pamiyendo, milomo ikugwedera ndi pemphero losamveka.

"Alamu," anatero Kasingano chapansipansi. Anayesanso mokweza, mpaka anthu amene anaunjikana pakhonde anamva. "Alamu, ndikhululukireni. Mayi, inunso ndikhululukireni. Chonde, ndikhululukireni."